Funsani Mmisiri: matebulo omata, mipando yogwedera ndi ufa wogwa pansi pa benchi

Makalata ambiri amene talandira ulendo uno achokera kwa eni malo odyera a m'chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, ndipo onse akudandaula za matebulo, mipando ndi mabenchi amene makasitomala awo amagwiritsa ntchito. Tasankhapo asanu ndi imodzi. Ena tawafupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo, ndipo monga mwa nthawi zonse sitisindikiza maina a olemba.

FUNSO: Bambo Mmisiri, ndili ndi malo odyera pafupi ndi msika wa Kapata mu Chipata, ndipo timagulitsa nsima kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Matebulo anga ndi a matabwa a paini opaka vanishi. Sanakwanitse zaka ziwiri, koma pamwamba pake payamba kumata moti mbale imakakamira, m'mphepete mwada, ndipo pali mawanga oyera ozungulira pamene pamakhala makapu a tiyi. Atsikana antchito amapukuta ndi madzi a Jik kasitomala aliyense akachoka. Ndinagula mapepala a pulasitiki oyala pamwamba kuti ndibise manyaziwa, koma nditavundukula limodzi ndinapeza kunsi kwake kwachita chuku. Kodi matebulowa angakonzeke, kapena ndingogula ena? Ndine mayi wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Amayi, matebulo anuwo angakonzeke, ndipo sindikuona chifukwa chogulira ena, pokhapokha ngati thabwa lafika pofewa moti chikhadabo chikulowa mukalikanikiza. Koma musanaitane kalipentala ndi bwino mudziwe chimene chawawononga, chifukwa vanishi watsopano adzathanso chimodzimodzi ngati kasamalidwe kake sikasintha.

Chimene chawononga matebulowo ndi madzi. M'malo odyera nsima kasitomala aliyense amasamba m'manja kawiri, asanadye ndiponso akatha kudya, ndipo ngati mtsikana amabwera ndi jagi ndi beseni patebulo pomwepo, ndiye kuti tebulo limodzi limanyowa kambirimbiri dzuwa lisanalowe. Madziwo sathera pamwamba pokha. Amayenderera mpaka m'mphepete n'kukhotera kunsi kwa tebulo, kumene akalipentala ambiri sapakako vanishi poganiza kuti palibe amene adzasuzumireko. Tembenuzani tebulo limodzi lero lomwe muone, ndipo ndikhulupirira kuti mupeza thabwa losapakidwa kanthu lokhala ndi mizere yakuda yochokera m'mphepete. Kumeneko ndiko kumalowera chinyezi, ndipo chikalowa chimayenda pansi pa vanishi n'kumamusupula pang'onopang'ono. Paini amamwa madzi msanga kuposa mlombwa kapena mbawa, choncho kwa inu zimenezi zachitika mofulumira. Thabwa lotsekedwa mbali imodzi yokha limamwanso chinyezi mosafanana, n'chifukwa chake matebulo otere amapindika dzinja likafika.

Mawanga oyera ndi akuda gwero lake ndi losiyana. Oyera aja ndi chinyezi chimene chinakodwa mkati mwa vanishi pamene kapu yotentha inakhalapo, ndipo sichinafike pathabwa. Kawirikawiri amachoka mukayalapo nsalu youma ya thonje n'kudutsitsapo simbi yofunda, yosatentha kwambiri, kwa kamphindi kochepa, mukuvundukula nsaluyo kuti muone ngati banga likuzimirira. Akudawo ndiwo oipa, chifukwa amasonyeza kuti madzi anadutsa vanishi n'kulowa m'thabwa momwe mwamera chuku kapena msomali wachita dzimbiri, ndipo amenewo sachoka popanda kupala.

Kumata kuli ndi zifukwa ziwiri, ndipo mungazisiyanitse nokha. Tsukani ngodya imodzi ndi madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, tsukuluzani ndi madzi oyera, kenaka pukutani paume. Kumata kukatha, ndiye kuti linali litsiro chabe la mafuta ophikira amene amayenda ndi utsi wa kukhitchini n'kusakanikirana ndi sopo wotsalira wa nsanza yosatsukuluzidwa. Koma mukakanda ndi chikhadabo vanishi n'kuchoka wofewa, ndiye kuti vanishiyo wafa, ndipo ngakhale mutsuke bwanji sadzaumanso.

Apa ndipo pafika nkhani ya Jik. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unaphunzitsa ambiri a ife kugwiritsa ntchito klorini, ndipo chizolowezicho nchabwino, sindikufuna kuti muchisiye. Vuto ndi loti ambiri amangothira ndi maso, ndipo amamuyesa sopo. Jik sachotsa mafuta, ndipo mphamvu yake yopha tizilombo imachepa akakumana ndi mafuta kapena zotsalira za ndiwo. Ndondomeko yake ndi yakuti tebulo liyambe lapukutidwa ndi madzi a sopo, kenaka ndi nsanza ina ya madzi oyera, ndiyeno ndi madzi a klorini, ndipo patapita mphindi zochepa liumitsidwe ndi nsalu youma. Jik wamba wa m'masitolo mphamvu yake ndi 3.5 peresenti, ndipo pa malo odyerapo masupuni aakulu awiri, amene ndi mamililita 30, amakwanira m'malita 5 a madzi. Madziwo azikonzedwa atsopano m'mawa uliwonse, chifukwa klorini wosungunulidwa amatha mphamvu akagona. Kukagwa mliri a zaumoyo akakuuzani muyeso wamphamvu kuposa umenewu, tsatirani wawowo, koma muzipukutanso ndi madzi oyera pambuyo pake kuti mankhwalawo asaumire pa vanishi. Atsikanawo muwauzenso kuti asasakanize Jik ndi mankhwala otsukira chimbudzi kapena viniga, chifukwa amatulutsa mpweya wa poizoni umene umapweteka mapapo.

Mapepala a pulasitiki sindiwadana nawo, malinga ngati akuchotsedwa usiku uliwonse, kupukutidwa mbali zonse ziwiri ndi kuyanikidwa, tebulo n'kugona lovundukula. Amene amawakhomera ndi timisomali kunsi kwa tebulo amatsekera madzi mkati kwa miyezi yambiri. Musaiwalenso kuti oyendera zaumoyo a ku khonsolo, amene malamulo monga Public Health Act ndi Food Safety Act ya 2019 amawapatsa mphamvu yoyendera malo ogulitsa chakudya, angathe kuvundukula pepalalo monga munachitira inu.

Nthawi yabwino yokonzera ndi Juni kapena Julayi, mvula itatha ndipo fumbi la Ogasiti lisanayambe, chifukwa vanishi wopakidwa m'nyengo ya chinyezi amachedwa kuuma ndipo nthawi zina amachita mbuu. Kalipentala apale vanishi yense wakale mpaka thabwa lionekere, akwechepo ndi sandipepa wa nambala 80, kenaka 120, n'kumalizira ndi 180, akutsatira mizere ya thabwa osati kuidutsa mopingasa. Ngodya zakuthwa za m'mphepete azikwecheko kuti zikhale zoulungika pang'ono, popeza vanishi sagwira mokwanira pa ngodya yakuthwa ndipo ndipo pamene amayambira kusupuka. Vanishi wake akhale wa mtundu wa polyurethane, wopakidwa katatu pamwamba ndi kawiri kunsi ndi m'mphepete monse, ndipo akauma wa ulendo woyamba apitepo sandipepa wa 220 mopepuka asanapake wina. Kunsiko muoneko ndi maso anu musanalipire. Vanishi amaoneka wouma tsiku lotsatira, koma amatenga masabata angapo kuti alimbe kotheratu, choncho tebulo lipumule kwa mlungu wathunthu lisanabwerere kwa makasitomala. Mukamakonza awiriawiri bizinesi siima.

Zonsezi zidzakhala zopanda phindu ngati kusamba m'manja kukupitirira patebulo. Ikani chidebe cha mpopi ndi sopo pafupi ndi khomo, kutali ndi matebulo. Ndikudziwa kuti pali akuluakulu ena amene simungawauze kuti anyamuke akasambe pakhomo, ndipo ulemu umenewo usathe, koma beseni lawo lizikhala pa kampando kapadera pambali pa tebulo.

FUNSO: Abambo, ndinagula mipando yamatabwa 20 kwa kalipentala wina wa m'mbali mwa msewu waukulu kuno ku Katete m'mwezi wa Malichi. Inali yolimba bwino, koma pofika Okutobala pafupifupi yonse inayamba kugwedera. Ndinakhomerera misomali m'malo olumikizira, inalimba pang'ono, kenaka inayambiranso, ndipo wina unathyoka kasitomala atakhalapo. Mwamwayi sanavulale. Ndikufuna ikhale yabwino nthawi ya Kulamba isanafike, chifukwa ndi pamene timalandira anthu ambiri. Kodi anandibera? Ndine mwini lesitilanti, Katete.

YANKHO: Abambo, sindinganene kuti anakuberani mwadala, koma miyezi imene mwatchulayo yafotokoza nkhani yonse. Mipandoyo inapangidwa ndi matabwa osauma. Mtengo wongocheka kumene umakhala ndi madzi ambiri, nthawi zina okwana theka la kulemera kwake, pamene thabwa loyenera kupangira mipando liyenera kutsala ndi chinyezi cha pafupifupi 12 peresenti. Thabwa likamauma limachepa m'lifupi ndi m'kuchindikala kwake, koma m'litali silisintha kwenikweni. Choncho nsonga ya thabwa imene inalowa mothina m'bowo la mwendo m'Malichi, mvula ikugwa, inachepa pamene kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala kunaumitsa mpweya, guluu n'kuleka kugwira. Akalipentala ambiri a m'mbali mwa msewu alibe ndalama zosungira matabwa miyezi yambiri, motero amagula lero n'kupanga mawa.

Pali nkhani yabwino pamenepa, yakuti matabwawo tsopano auma, ndipo mipandoyo ikamangidwanso bwino sidzachepanso monga poyamba. Misomali ija ndiyo yawonjezera ntchito. Msomali sudzaza mpata umene uli m'bowo, umangogwira kwa masiku ochepa, ndipo munthu akamakhala ndi kunyamuka umakulitsa bowo lake, kung'alula nsonga ya thabwa ndi kuchita dzimbiri. Mpando wokhomedwa misomali yambiri umavuta kumasula popanda kuswa mwendo, ndiye kalipentala wanu ayambe wazula misomaliyo modekha.

Kakonzedwe koyenera ndi kumasula malo onse ogwedera, atalembapo zizindikiro ndi pensulo kuti chilichonse chidzabwerere pamalo pake, kenaka kupala guluu yense wakale pansonga ndi m'bowo momwe. Apa ambiri amachita ulesi, koma guluu woyera wamatabwa amagwira pathabwa loyera basi, pa guluu mnzake wouma sagwira. Ngati nsonga ikulowa mokhwepa, amatepo kachidutswa kopyapyala ka thabwa kuti ithine, chifukwa guluu wotereyu sadzaza mpata. Pogula guluu funsani wolembedwa D3, amene amapirira chinyezi kuposa wamba. Akamata amange mpandowo mwamphamvu, ndipo ngati alibe zitsulo zopanira, mphira zodula ku chubu chakale cha njinga zimagwira ntchito imeneyi bwino lomwe, ndipo kuno kwathu sizisowa. Mpando uime pamalo osalala pomangapo kuti miyendo yonse inayi iponde, ndipo usakhalidwe kwa maola 24. Pomaliza aike timatabwa ta ngodya kunsi kwa pokhalira, m'ngodya zonse zinayi, tomata ndi guluu ndi kumangidwa ndi masikuluwu. Timatabwa timeneti ndi totchipa, koma mpando wokhala nato umapirira ngakhale makasitomala aja okonda kuyedzamira kumbuyo pa miyendo iwiri akakhuta, amene amaika kulemera kwawo konse pa malo awiri olumikizira a kumbuyo. Wothyoka ujawo musaubwezere kwa makasitomala ngati unathyokera pakati pa mwendo, koma muusunge kuti ziwalo zake zikonzere ina.

Popeza mipando idzakhala itatembenuzidwa, yang'anani kunsi kwa miyendo. Kumapeto kwa thabwa kumene linadulidwa kumakoka madzi monga mmene chingwe cha koloboyi chimakokera parafini, ndipo m'lesitilanti mumakolopedwa tsiku lililonse. Miyendo yoima m'madzi okolopera imada, imafewa n'kuyamba kuola kuchokera pansi, mwini wake akupukuta pamwamba tsiku ndi tsiku osadziwa kanthu. Pakani vanishi kapena penti kunsiko kawiri kapena katatu mpaka thabwa litaleka kumwa, kenaka khomanipo timphira todula ku tayala lakale. Wokolopa azikweza mipando pamatebulo ndipo aziitsitsa simenti ikauma. Mpando ukamatsimphina musafulumire kudula mwendo, yambani mwauimika pamalo ena, popeza nthawi zambiri wolakwa amakhala simenti.

Mwambo wa Kulamba umachitikira ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti, choncho ntchitoyi ithe mu Julayi. Kuyambira pamenepo sankhani tsiku limodzi pamwezi loti mipando yonse itembenuzidwe ndi kugwedezedwa ndi manja, ndipo uliwonse umene wayamba kulira kapena kusuntha uchotsedwe tsiku lomwelo. Malo amodzi akamasuka, katundu wake amagwera pa otsalawo, ndipo kukonza malo amodzi ndi ntchito ya ola limodzi pamene kukonza mpando wonse ndi ya tsiku lathunthu.

Mukadzafuna mipando ina, gulani matabwa nokha Meyi kapena Juni, muwasanje pamthunzi podutsa mphepo mutaika timitengo pakati pake. Dulani kachidutswa muzikayeza pasikelo mlungu uliwonse, ndipo kakaleka kupepuka ndiye kuti matabwa afika. Mlombwa ndiwo mfumu ya matabwa a mipando chifukwa suchepa kwambiri ukamauma, koma wakwera mtengo ndipo muyenera kugula kwa amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango monga mwa lamulo la Forests Act la 2015. Malaina ndi opepuka ndipo sapindika akauma, koma amachedwa kwambiri kuuma. Bulugama ndi wolimba, koma amang'aluka ndi kupotoka akaumitsidwa mothamanga.

FUNSO: Mipando yanga ya pulasitiki imakhala panja pa khonde pafupi ndi pokwerera mabasi. Yatuwa, ndipo ukaigwira imasiya ufa woyera m'manja. Iwiri inang'ambika miyendo ndipo mnyamata wina anaisoka ndi waya. Kodi ndingaipake penti kuti ioneke yatsopano? Ndine mayi wa ku Lundazi.

YANKHO: Amayi, penti sagwira bwino pa pulasitiki ya mipando imeneyi, ndipo ngakhale atagwira sangabwezeretse mphamvu imene yatha. Ufa woyerawo ndi pulasitiki yeniyeniyo imene ikufumbutuka chifukwa cha kuwala kwa dzuwa, ndipo mpando wofika pamenepo sukhalanso wofewa monga unalili, umathyoka mwadzidzidzi popanda kuchenjeza. Yosokedwa ndi waya ija ichotseni lero. Waya amagwirizanitsa zidutswa kuti zioneke pamodzi, koma sanyamula munthu, ndipo mayi wobereka mwana akagwa nawo mlandu udzakhala wanu. Pa yotsalayo yang'anani pamene mwendo umakumana ndi pokhalira, ndipo uliwonse wokhala ndi mizere yoyera pamenepo wayandikira kuthyoka.

Yatsopano mukadzagula muziitsuka ndi madzi a sopo ndi nsanza yofewa, osati waya wokwechera mapoto kapena mchenga, chifukwa mikwingwirima yake ndi mmene mumabisala litsiro. Chofunika koposa ndi mthunzi. Ndalama imene mukanagulira penti onjezerani pa malata awiri kapena mphasa zotchingira khonde mbali imene dzuwa la masana limalowera, ndipo mipando yosagwiritsidwa ntchito izikhala m'nyumba.

FUNSO: Bambo Mmisiri, m'mawa uliwonse ndimapeza timilu ta ufa wosalala pansi pa mabenchi anga awiri, ndipo pathabwa pali timabowo ting'onoting'ono. Mnzanga akuti ndi chiswe, ndipo akuti ndipake oyilo wakuda wotsitsa m'galimoto monga amachitira pa mitengo ya khola. Pansi pa malo anga ndi pozira ndi dothi, si pa simenti. Ndichite zimenezo? Ndine bambo wa ku Chadiza.

YANKHO: Abambo, oyilo wakuda musapake. Oyilo wotsitsa mu injini amakhala ndi zitsulo ndi zinthu zina za poizoni zimene zingayambitse khansa ya pakhungu kwa munthu wozikhudza kawirikawiri, sauma, amadetsa zovala za makasitomala, ndipo fungo lake limalowa m'chakudya. Chimodzimodzinso mankhwala akuda opaka mapolo a magetsi, komanso matabwa obiriwira onyikidwa m'mankhwala amene amagulitsidwa kuti akhale a denga kapena mpanda. Amenewa asapangire tebulo lodyerapo, ndipo zidutswa zake musasonkhezere moto wophikira.

Chachiwiri nchakuti chimene chikudya mabenchi anu si chiswe. Chiswe chimachokera m'nthaka, chimamanga tinjira ta dothi pokwera mwendo, ndipo chimadya mkati n'kusiya khungu lopyapyala lodzaza dothi. Ufa wosalala wotuluka m'timabowo ta milimita imodzi kapena awiri ndi ntchito ya tizilombo touluka tofumbwitsa matabwa. Timaikira mazira m'thabwa, mphutsi zake zimadya mkati kwa miyezi yambiri, ndipo timabowo mukuonato ndi potulukira tikakula. Timakonda mbali yoyera ya thabwa, yoyandikana ndi khungwa, chifukwa ndimo muli chakudya cha mtengo. Ngakhale mlombwa, umene pakati pake pofiirira chiswe ndi tizilomboti sizipakonda, mbali yake yoyera imafumbwa. Mukayang'anitsitsa mabenchi anu mupeza kuti timabowo tatsatira mzere woyerawo. Nsungwi nazonso zimafumbwa mwa njira yomweyi.

Tulutsani mabenchi awiriwo kuti tizilomboti tisasamukire ku katundu wina. Bayani ndi nsonga ya mpeni kuti muone pamene pafumbwa, ndipo ngati ndi m'mphepete mokha, kalipentala adule mbali yoyerayo n'kuitentha. Ngati mpeni ukulowa mosavuta pamwendo kapena pathabwa lokhalira, benchilo latha ntchito. Kutentha kumapha tizilomboti pamodzi ndi mazira ake thabwa likafika madigiri 56 mpaka mkati kwa mphindi 30, ndipo ndi muyeso umene amatsatira pa matabwa opakira katundu wopita kunja kwa dziko. Kukulunga benchi m'pepala lakuda la pulasitiki n'kulisiya padzuwa la Okutobala kwa masiku angapo kumathandiza pa matabwa opyapyala, ngakhale kuti kungamasule guluu. Mankhwala amene ndimavomereza pa katundu wa m'malo odyera ndi a borax osungunula m'madzi ofunda, chifukwa poizoni wake kwa anthu ndi wochepa poyerekeza ndi ena. Amalowa pathabwa lopalidwa lokha, ndiye vanishi wakale achoke kaye, mankhwala apakidwe kawiri kapena katatu, thabwa liume bwino, kenaka litsekedwe ndi vanishi mbali zonse kuti tizilombo tina tisapeze poikira mazira.

Komabe mnzanuyo sanalakwe kotheratu potchula chiswe, popeza pansi panu ndi pa dothi ndipo chidzabwera ndithu mvula ikayamba. Miyendo ya mabenchi isagunde dothi, iponde pa njerwa zootcha kapena timiyala tafulati. Benchi lisatsamire khoma, ndipo muzilisuntha posesa tsiku lililonse, chifukwa chiswe chimafuna chinthu chokhala malo amodzi kuti chimange njira yake mosasokonezedwa.

FUNSO: Tili ndi malo odyera ku Mfuwe, ndipo timalandira alendo opita ku malo osungira nyama zakutchire a South Luangwa komanso anthu a konkuno. Mipando yathu ndi yachitsulo yokhala ndi siponji yokutidwa ndi rexine. Miyendo yachita dzimbiri m'munsi ndipo ikusiya zizindikiro pa matailosi, rexine yauma n'kung'ambika, ndipo tsiku lina mphemvu inatuluka m'siponji mlendo akuona. Timapukuta ndi sipiriti kuti tiphe majeremusi. Tithandizeni. Ndine woyang'anira malo odyera, Mfuwe.

YANKHO: Achimwene, sipiriti ndiye wathandiza kupha rexine yanu. Nsalu imeneyi ndi pulasitiki imene amaisakaniza ndi mankhwala oifewetsa, ndipo sipiriti, thinara, parafini ndi Jik wamphamvu zimachotsa mankhwalawo pang'onopang'ono mpaka nsaluyo kuuma gwaa. Kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa, kumene mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, kumafulumizitsa zimenezi, makamaka pa mipando yoombedwa ndi dzuwa. Madzi ofunda a sopo wofatsa, kutsukuluza ndi kuumitsa ndi zokwanira tsiku ndi tsiku. Yong'ambika kale isamatidwe ndi tepi, chifukwa msuzi ndi thukuta zalowa kale m'siponji, ndipo chimenecho ndicho chakudya cha mphemvu. Masulani pokhalira, tayani siponji yakale, ndipo wokuta mipando aike yatsopano yolimba. Thabwa la kunsi kwake likhale ndi timabowo tiwiri kapena titatu totulukira mpweya munthu akakhala, apo ayi msoko umaphulika. Mankhwala ophera mphemvu aziikidwa usiku malo atatsekedwa, chakudya ndi ziwiya zitachotsedwa, ndipo matebulo azitsukidwa m'mawa musanatsegule.

Miyendo ya mipando yotere ndi mapaipi obowoka mkati, ndipo timphira totseka kunsi tikatha madzi okolopera amalowa, dzimbiri n'kuyamba kudya kuchokera mkati. Gogodani m'munsi mwa mwendo uliwonse ndi kahamala, ndipo pamene pakubonyoka wowotcherera zitsulo adule n'kulumikizapo chidutswa chatsopano. Ayang'anenso mowotcherera monse, makamaka pamene chotsamira chimakumana ndi pokhalira, popeza kamng'alu kopyapyala pa penti pamenepo kamasonyeza kuti chitsulo chayamba kulekana. Pamene dzimbiri lili pamwamba pokha, kwechani ndi bulashi yawaya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pukutani mafuta onse, pakani penti wofiira wa red oxide tsiku lomwelo, kenaka penti wamafuta kawiri. Penti wopaka pamwamba pa dzimbiri amatukusira miyezi yochepa ikapita. Timphira tatsopano gulani tochuluka kuti tina tizikhala m'kabati, chifukwa ndi tomwe timatha msanga ndipo ulendo wa ku Chipata kukagula si waufupi.

FUNSO: Matebulo anga ali ndi Formica pamwamba, koma m'mphepete mwafufuma ndipo mukugwa zinthu zonga utuchi. Kodi ndikawayanika padzuwa abwerera? Ndine mayi wa ku Petauke.

YANKHO: Sabwerera, amayi. Pansi pa Formica yanuyo pali bolodi lopangidwa ndi tizidutswa ta matabwa topanikizidwa ndi guluu, ndipo likamwa madzi limafufuma kotheratu, likauma limangofumbutuka. Ngati kufufumako kuli m'mphepete mokha, kalipentala angathe kudula masentimita angapo kuzungulira tebulo lonse mpaka pamene bolodi lili lolimba, n'kumatapo kathabwa kenikeni m'mphepetemo ndi guluu wa D3, kenaka kupaka vanishi pa kathabwako ndi kunsi konse. Ngati kwafika pamene pamangidwa miyendo, masikuluwu sadzagwiranso, ndiye sungani miyendoyo muikepo pamwamba pena pa matabwa enieni kapena pulayiwudi yochindikala mamilimita 18. Formica yatsopano ingamatidwenso pamenepo, ndipo imapirira kupukutidwa kawirikawiri kuposa vanishi, koma poto wochokera pambaula asaikidwepo popanda choyalira chifukwa imatukusira, ndipo asaduliremo nyama kapena anyezi chifukwa mpeni umasiya mizere yolowera madzi.